Mfundo zofunika kwa woyamika Mulungu m'chaka cha kolera ndi chilala

Msewu wa Great North ukachoka pakati pa mzinda wa Lusaka umadutsa m'mbali mwa Emmasdale n'kupitirira kumpoto, kumene kuli bwalo la National Heroes. Ife okhala kuno tinaona zimene msewu umenewu unanyamula m'chaka cha 2024. Mu Januwale munkathamanga maambulansi a odwala kolera opita ku bwalolo, limene linasandutsidwa chipatala, ndipo pofika Seputembala munadzaza njinga ndi mawilibala a matumba a malasha, chifukwa malaiti anali atasowa. Mfundo zili m'munsizi ndazitola m'chaka chimenecho ndi m'zaka zina zowawa zimene dziko la Zambia lapyolamo. Ndikulembera munthu amene akufuna kukhulupirira ndi kuyamika, koma sakufuna kudzinamiza.

1. Siyanitsani tsoka lobwera lokha ndi tsoka limene taliitana

Pa maliro ambiri pamamveka mawu akuti "ndi chifuniro cha Mulungu." Nthawi zina mawuwa ndi oona, ndipo amatonthoza. Koma tawatchula mopitirira muyeso, mpaka asanduka bulangete lofunditsa ulesi wathu ndi wa atsogoleri athu.

Chilala cha 2024 palibe akanachiletsa. Mvula inadula mu Januwale chimanga chisanakhwime, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Pa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa chimanga, pafupifupi 1 miliyoni anapserera. Mlimi wa ku Petauke kapena ku Choma anali atachita zake zonse: anagaula nthawi yake, anabzala, anathira feteleza wa ngongole, anapalira. Kumwamba kunangoti mbee. Pamenepo munthu alibe woti n'kumuloza chala, ndipo akagwada pansi n'kunena kuti "Ambuye, ndilibe mphamvu," akunena zoona.

Kolera ndi nkhani ina. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa miyala ya laimu ya ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa yambiri, zimbudzi zokumba za m'makomboni zimasefukira, zonyansa n'kulowa m'zitsime zosaya zimene anthu amatungamo. Izi zinadziwika kalekale. M'chaka cha 2017 ndi 2018 kolera inabuka mumzinda uno, ndipo bwalo lomwelo la Heroes linasandutsidwa chipatala. Choncho pamene inabweranso mu Okutobala 2023 sinali mlendo. Inadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700 m'dziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'makomboni ngati Kanyama, Matero ndi ena otizungulira. Mwana wa ku Chaisa amene anamwa madzi a pachitsime chifukwa mpope uli kutali sanafe ndi chifuniro cha Mulungu. Anafa ndi chinthu chimene anthu akulu tinachidziwa n'kuchilekerera.

Pa chilala tigwade. Pa kolera tigwadenso, koma tikati ameni tidzuke tikafunse akhansala athu za ngalande, za zinyalala ndi za mipope.

2. Kulira si kuchepa kwa chikhulupiriro

Chimene chinawawa kwambiri m'miyezi ya kolera, kupatula imfa yeniyeniyo, n'chakuti anthu analandidwa maliro awo. Mwambo wathu timaudziwa. Amayi amagona m'nyumba pa mphasa ndi zitenje, abambo amachezera panja pa moto, akwaya amasinthana usiku wonse, ndipo tsiku loika tonse timakwera lole kupita kumanda a ku Chingwere kapena a ku Leopards Hill. Maliro n'kulirana. Koma womwalira ndi kolera sankasambitsidwa ndi abale ake, sankagonekedwa m'nyumba, ndipo kumanda kunkapita anthu owerengeka okha. Lamuloli linali loyenera, chifukwa mtembo wa kolera umapatsira. Komabe linasiya mabala. Alipo amayi amene mpaka lero amaona ngati mwana wawo sanamuperekeze.

Munthu wotere mukamuchezera, musamuuze kuti "musalire, limbani mtima, Mulungu akudziwa." Akudziwa inde, koma mayiyo akufunika kulira misozi imene analephera kulira pa nthawi yake. Abwenzi atatu a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene anakhala naye pansi osayankhula kanthu. Analakwa atatsegula pakamwa n'kuyamba kumufotokozera chifukwa chimene anavutikira. Ine ndimakhulupirira kuti pemphero lodandaula, lofunsa Mulungu kuti "munali kuti?", ndi pemphero lathunthu. Munthu sakangana ndi amene sakhulupirira kuti aliko.

3. Poyamika, tchulani manja amene anakugwirani

"Tithokoze Mulungu" ndi mawu amene timayankha tisanaganize n'komwe. Kuyamika kwenikweni kumafuna kukumbukira. Ndani anakunyamulirani wodwala usiku pamene minibasi zinali zitasiya kuyenda? Ndani anakukongozani pamela wa unga pa kantemba, osalemba m'buku?

M'bwalo la Heroes munali madokotala ndi anamwino, komanso munali anthu amene sitiwatchula: okolopa masanzi ndi klorini, onyamula ndowa, ochapa zofunda, oyendetsa maambulansi, achinyamata ongodzipereka amene ankayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa kasungunulidwe ka madzi a moyo. Panja pa geti abale ankadikira kuti amve ngati wodwala wawo adakali moyo, ndipo pakati pawo panali ogawana madzi ndi buledi ndi munthu amene sanamuonepo. Anthu ambiri amene analowa m'bwalo lija anatuluka akuyenda okha. Aliyense wa iwo anapulumuka kudzera m'manja a munthu wina amene ankalandira malipiro ochepa, kapena sankalandira kanthu.

Uthenga wa Luka umasimba za akhate khumi amene anachiritsidwa, koma mmodzi yekha ndiye anabwerera kukathokoza. Anzake asanu ndi anayi sindikhulupirira kuti anali anthu oipa. Anali ndi changu chokaona ana awo, basi. Ifenso zimatichitikira choncho: vuto likatha timathamangira moyo. Ngati mukumudziwa amene anakuthandizani, bwererani. Mupititseni nkhuku, kapena mungoima pakhomo pake n'kunena kuti "amayi, tsiku lija munandipulumutsa." Kuthokoza Mulungu m'tchalitchi uku ukumudutsa mwakachetechete mnansi amene Mulunguyo anamutuma, n'kuthokoza kwa theka.

4. Chimwemwe chobwera pambuyo sichilipira imfa, komabe chilandireni

Pafupi ndi bwalo la Heroes, kunja kwa bwalo lakale la Independence, pali manda a anthu 30. Pa 27 Epulo 1993 ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo, imene inanyamula timu ya mpira ya dziko lino kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal, inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Palibe anapulumuka. Munali osewera 18, ena mwa iwo Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka ndi Kelvin Mutale, pamodzi ndi aphunzitsi awo Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Amene analipo nthawi imeneyo amakumbukira mmene mzinda unazizirira, ndi khamu limene linaima m'misewu poona mabokosi akudutsa.

Zimene zinatsatira aliyense amazidziwa. Kalusha Bwalya, amene sanakwere ndegeyo chifukwa ankasewera ku PSV Eindhoven ndipo anayenera kukakumana ndi anzake ku Senegal, anatsogolera timu yatsopano. Chaka chotsatira timuyo inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Tunisia, n'kugonja kwa Nigeria 2-1. Kenako pa 12 Febuluwale 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, timu yathu ya Chipolopolo inatenga chikho cha Africa itagonjetsa Côte d'Ivoire pa mapenate 8-7, Stoppila Sunzu atamenya yomaliza. Masiku ochepa mpirawo usanachitike, osewera anapita kugombe la nyanja kukaika maluwa.

Nkhaniyi ndaimva ikulalikidwa kambirimbiri, ndipo kawirikawiri imalalikidwa molakwika. Alaliki amati: onani, Mulungu anabwezera. Ine sindivomereza. Chikho sichinabwezere mayi aliyense mwamuna wake, ndipo mwana amene anakula wopanda bambo sanapeze bambo usiku umenewo. Mabanja anadikira zaka khumi kuti amve zimene ofufuza a ku Gabon anapeza, ndipo anachita kupita kukhoti kuti alandire chipepeso. Kunena kuti imfa 30 zija zinali njira yopita ku chikho n'kuwachepetsa anthu amenewo, ndiponso n'kumunamizira Mulungu kuti amachita malonda ndi magazi.

Koma usiku wa 12 Febuluwale tinavina m'misewu, ndipo sitinalakwe. Ana a omwalira ena anavina nafe, misozi ili m'maso. Zinthu ziwirizi zimatha kukhala mumtima umodzi popanda china kuthamangitsa chinzake. Mayi amene anataya mwana ndi kolera angathe kuseka pa ukwati wa mwana wake wina, osadziona ngati wapereka womwalirayo. Ndipo inu amene mwamuona akuseka musanene kuti waiwala.

5. Matenda si chilango, ndipo mankhwala si mdani wa pemphero

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene edzi inkatchulidwa monong'ona ndipo mabanja ankati wodwala "analodzedwa," Pulezidenti Kenneth Kaunda ananena poyera mu 1987 kuti mwana wake Masuzyo, amene anamwalira mu Disembala 1986, anafa ndi matenda amenewa. Kaunda anali mwana wa mlaliki, munthu wa Baibulo, ndipo sanaone kuti kunena zoona kukuchotsera Mulungu ulemu. Mu 1990 mnyamata wina, Winstone Zulu, anaulula poyera kuti ali ndi kachilombo, pa nthawi imene kutero kunali ngati kudzichotsa pakati pa anthu. Anakhala ndi moyo mpaka 2011, akumenyera odwala edzi ndi chifuwa chachikulu kuti apeze mankhwala. Chapakati pa zaka za m'ma 2000 ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma, ndipo anthu amene tinkawayembekezera kumanda anadzuka n'kubwerera kuntchito. Ngati mukufunafuna chozizwitsa cha m'badwo wathu, chimenecho ndicho.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndikamva kuti wina wasiya mankhwala chifukwa "mneneri" wamuuza kuti wachira. Mumzinda muno achuluka ogulitsa madzi odzozedwa, mafuta ndi timitengo, amene amauza mayi wamasiye kuti umphawi wake ukuchokera kwa azakhali ake akumudzi, ndipo kuti utha akabzala "mbewu" ya ndalama. Amadya pa mantha a anthu ovutika. Chizindikiro chawo n'chosavuta kuchiona: vuto likapanda kutha, amati wolakwa ndinu, chikhulupiriro chanu chachepa. Motero munthu amachoka ndi mitolo iwiri, matenda ake ndi mlandu umene sanapalamule.

Ophunzira a Yesu ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri. Pempherani, imwani mankhwala pa ola lake, ndipo thokozani chifukwa cha amene anawapanga.

6. Musakakamize wanjala kuyamika

Iyi ndi ya ife amene tili ndi mpanda ndi geti. Madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, maola opanda malaiti anayamba 8 pa tsiku mu Malichi 2024 n'kukwera mpaka 21 mu Seputembala. Ena tinagula sola ndi majenereta, tinadandaula za firiji, moyo n'kumapita. Wowotcherera mageti wa ku Garden, wometa tsitsi wa ku Mandevu ndi mayi wogulitsa maaisi pa sukulu analibe pothawira. Ena ankadzuka pakati pa usiku malaiti akabwera kuti agwire ntchito maola awiri kapena atatu. Thumba la unga la 25 kg linapitirira K300, mtengo wa malasha nawo unakwera.

Munthu wokhuta akauza munthu wotere kuti "yamikani, ena zawo n'zoipa kuposa zanu," sakulalikira, akungodzitchinjiriza kuti asapemphedwe kanthu. Kuyamika munthu amakupeza yekha, ndipo ndaona osauka ambiri akukupeza mozama kuposa ife: mayi wopempherera nsima ya masamba a dzungu opanda mafuta ndi mtima wonse, osati mwamwambo. Koma zimenezo n'zake, si zathu zoti timulamule. Gawo lathu ndi kulipira wantchito wapakhomo pa tsiku lake, ndi kumuonjezera unga ukakwera mtengo.

7. Phunzirani kwa mnansi wopemphera mosiyana nanu

Emmasdale ndi dera limene m'bandakucha mumamva kuitana kwa ku mzikiti, ndipo Lamulungu mumamva ng'oma ndi makwaya. Kuno kuli Asilamu ambiri, ena makolo awo anachokera ku India, ena ku Somalia, ena ndi a kum'mawa konkuno ndi ku Malawi. Ngakhale dziko lino linalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu 1991, chilala sichinafunse chipembedzo cha munthu.

Mwezi wa Ramadan wa 2024 unagwa mu Malichi ndi Epulo, chilala chitangolengezedwa. Kuona munthu akusala chakudya ndi madzi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, kenako madzulo n'kugawira ena chakudya asanakhute yekha, kunandiphunzitsa kuti kupirira kumachita kuphunziridwa nthawi ya mtendere. Amene anazolowera kudzimana mwa kufuna kwake sagwa msanga pamene kusowa kwabwera mosafuna. Akhristu tili ndi nyengo yathu ya Lenti, imene chaka chimenecho inakumana ndi Ramadan, koma ambiri tinaisandutsa yongosiya shuga mu tiyi. Palinso abale athu a ku Somalia amene anathawa nkhondo, anataya nyumba ndi abale, n'kudzayamba moyo watsopano ku Chaisa ndi kashopu kamodzi. Mukakhala nawo pansi mudzamva kuti akuthokoza Mulungu chifukwa chogona usiku wopanda kulira kwa mfuti, chinthu chimene ife a ku Zambia sitinachiwerengepo ngati dalitso chifukwa sitinachisowepo.

8. Chikhulupiriro chigwire ntchito tsoka lisanafike

Chakudza sichiimba ng'oma. Imfa idzafika m'nyumba iliyonse, mvula idzadulanso chaka china, ndipo munthu wanzeru sadikira tsikulo kuti ayambe kufunafuna anzake. Amayi a Chigwirizano mu mpingo wa Reformed, a m'miphakati ya Akatolika ndi a Dorika kwa a Adventist amadziwa zimenezi kuposa abambo. Amasonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, amadziwa nyumba imene muli wodwala, ndipo maliro akagwa amafika ndi mapoto, nkhuni ndi unga mwini nyumba asanaganize n'komwe za chakudya. Chilimba cha amayi a pamsika chimagwira ntchito yomweyo. Pamene City Market inapsa mu Julayi 2017, amalonda ambiri anataya katundu yense usiku umodzi, ndipo amene anali m'magulu otere anali ndi poyambira, ngakhale pang'ono.

Abambo ambiri a m'tauni tilibe zotere. Tili ndi anzathu a mpira ndi a mowa, koma tsiku limene ntchito yatha timadzitsekera m'nyumba ndi manyazi, osauza ngakhale mkazi. Pamenepo m'pamene ena amataya chikhulupiriro, ena amataya moyo. Lowani m'gulu lero, mudakali ndi choponyamo. Pitani ku maliro a ena, ngakhale a ku Chaisa kuseri kwa mpanda wanu, ndipo mukafika musangopereka ndalama n'kubwerera m'galimoto. Khalani pa moto.

Mvula ya Novembala isanayambe pali ntchito zodziwika. Ngalande ya kutsogolo kwa nyumba yanu ifukulidwe, mabotolo ndi mapepala a pulasitiki achotsedwe. Botolo la klorini ligulidwe, ndipo ana aphunzitsidwe kuthira m'chigubu cha malita 20 monga mwa malangizo ake. Ngati muli ndi chitsime chobowola ndi thanki m'mpanda, ganizirani zotulutsa mpope umodzi kunja kwa geti kuti a tsidya lina la msewu asakatunge pa chitsime chosaya. Ndipo komiti ya mpingo kapena ya mzikiti ikakhala pansi kukonza za chaka, pambali pa ndalama za denga ndi zokuzira mawu pakhale mzere wa sopo, ndowa zosambira m'manja ndi galimoto yonyamula wodwala usiku.